Kodi Adamu Ankalankhula Chidatchi Kapena Chitchaina?

Buku la Genesis, limene silichita ulesi kutitchulira mayina a mitsinje inayi yochokera m'Edene, ndi kutiuza ngakhale za golide wa m'dziko la Havila, lili duu pa chinthu chimodzi chimene ana a anthu akhala akuchilakalaka kuyambira kale lomwe, ndicho chinenero chimene Adamu anatchulira nyama mayina pamene Mlengi anadza nazo kwa iye. Ambiri mwa makolo a Mpingo, pamodzi ndi Augustine wa ku Hippo, anakhulupirira kuti chinali Chihebri, chimene chinasungika m'banja la Ebere pamene malilime anasokonezeka pa Babele. Ndipo kwa zaka mazanamazana ganizo limeneli linakhala ngati mlandu wogamulidwa kale, umene munthu wanzeru sautukulanso. Koma mu 1569, ndiponso mu 1669, zaka 100 zenizeni zitapitapo, kunadzuka amuna awiri ophunzira bwino ndi oopa Mulungu, amene anautukula mlanduwo, wina nati chinenero cha m'munda chinali Chidatchi, wina nati iyayi, chinali Chitchaina. Ndipo chododometsa nchakuti, ngakhale zinenero ziwirizi zitalikirana monga kum'mawa kutalikirana ndi kumadzulo, umboni waukulu umene awiriwa anadza nawo pabwalo unali umodzi womwewo.

Woyamba anali Johannes Goropius Becanus, sing'anga wobadwa mu 1519 m'dera la Brabant, amene anaphunzira ku Leuven, nachiza anthu a m'nyumba zachifumu, nakhazikika mumzinda wamalonda wa Antwerp, kumene mtima wake unachoka pa mankhwala nupita ku nkhani zamakedzana. Buku lake lalikulu, Origines Antwerpianae, linasindikizidwa ndi Christophe Plantin mu 1569, ndipo mfundo yake inayenda motere: chinthu choyamba kulengedwa chiyenera kukhala chosapotapota, pakuti zokometsera zimadza pambuyo, chinenero chosapotapota ndicho cha mawu aafupi, mawu aafupi, a phatikizo limodzi lokha, achuluka m'Chidatchi cha ku Brabant koposa m'Chilatini, m'Chigriki ndi m'Chihebri, chotero anthu ogulitsa nsomba padoko la Antwerp ndiwo osunga malankhulidwe a m'Paradaiso. Pofuna kuti Malembo amuvomereze, iye anati anthu akwawo ndi mbumba ya Gomeri mwana wa Yafeti, ndipo mbumba imeneyo inali kutali tsiku lomanga nsanja m'chigwa cha Sinara, mwakuti chilango chinailambalala. Atatero anatenga mayina a m'Baibulo, nayamba kuwang'amba pakati kuti atulutsemo Chidatchi. M'dzina la Adamu anapezamo mawu awiri, lina lonena chidani, lina lonena damu lotchinga madzi, nati munthu woyamba anaikidwa kuti akhale chotchinga chidani cha njoka. Sindidabwa kuti mwana wa dziko limene anthu ake amagona kuseri kwa madamu, nyanja ili kuwaopseza usana ndi usiku, anakapeza damu m'Edene. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Chimene chindiseketsa nchakuti buku lonse lotamanda Chidatchi iye analilemba m'Chilatini, podziwa kuti akalilemba m'chinenero cha Adamu ophunzira anzake a ku Ulaya sadzaliwerenga.

Anzakewo sanamuchitire chifundo. Joseph Scaliger analinyoza bukulo poyera, ndipo patapita zaka zoposa 100 wanzeru uja wa ku Jeremani, Leibniz, anapanga mneni kuchokera ku dzina la Goropius, wotanthauza kupeka magwero a mawu mopanda umboni. Komabe ganizo la mawu aafupi silinafe, pakuti mu 1586 Simon Stevin wa ku Bruges, katswiri wa masamu amene palibe angamuyese wopepera, anaika patsogolo pa buku lake lonena za kulemera kwa zinthu nkhani yotamanda Chidatchi, naandika m'ndandanda mawu ake a phatikizo limodzi, kuti aonetse kuti chinenero chotere, chokhoza kulumikiza mawu aafupi kukhala dzina latsopano lomveka kwa aliyense, nchoyenera sayansi koposa Chilatini.

Chitchaina chinalowa m'mlanduwu podzera pakhomo la Adatchi omwewo. Martino Martini, wansembe wa chipani cha Ajezuwiti amene anakhala zaka zambiri ku China, atabwerera ku Ulaya anapereka mapu ake kwa Joan Blaeu wa ku Amsterdam, amene anawasindikiza mu 1655. Ndipo mu 1658 anatulutsa mbiri yakale ya China, imene inaika chiyambi cha ufumu wa Fuxi, mfumu yoyamba ya m'mbiriyo, mu 2952 Khristu asanabadwe. Apa ndipo panagwa nkhawa, pakuti mawerengedwe a Bishopu James Ussher, amene anaika chilengedwe mu 4004 Khristu asanabadwe, anaika chigumula pafupifupi mu 2350. Ndiye kuti mafumu a ku China anali kulamula ndi kulemba mbiri yawo zaka 600 madzi asanamize dziko, ndipo ana awo anapitiriza kulamula madziwo ataphwa, osadziwa kuti anayenera kumira. Walira mvula walira matope: Azungu anafunitsa nzeru za kum'mawa, ndipo nzeruzo zinadza ndi funso logwedeza mawerengedwe awo a Malembo. Isaac Vossius, Mdatchi wokonda za China kopambana, anayankha mu 1659 kuti zaka ziyenera kuwerengedwa motsata Baibulo la Chigriki la Septuagint, limene limakankhira chigumula kale ndithu, ndipo anafika poganiza kuti madziwo sanakute dziko lonse. Georg Hornius wa ku Leiden anamutsutsa kolimba, ndipo mabuku anayankhana.

M'kati mwa phokoso limeneli munatuluka munthu wachiwiri uja, John Webb, Mngelezi wolemba mapulani a nyumba, wophunzira wa katswiri wa ntchitoyo Inigo Jones, amene sanapondeko ku China ndiponso sanadziwe Chitchaina, koma anawerenga mwakhama zolemba za Ajezuwiti. M'buku lake la mu 1669 iye anati Nowa ndi ena a mbumba yake anakhazikika kum'mawa, kutali ndi Sinara. Kuti mfumu Yao, imene mbiri ya China imati m'masiku ake kunasefukira madzi aakulu, ndiye Nowa yemweyo. Ndi kuti Atchaina, posakhala nawo pa chiwembu cha nsanja, anatsala ndi chinenero chosasokonezeka. Nanga umboni? Mawu ake ngaafupi, a phatikizo limodzi, onga amene khanda limayamba nawo. Sasintha mathero monga achitira mawu a Chilatini. Ndipo, monga iye anamvera, ngodziletsa ndi aulemu. Muyeso umene Becanus anayezera nawo chinenero cha pakhomo pake, Webb anautenga nayezera nawo chinenero cha kutsidya kwa nyanja, ndipo ukadakhala muyeso woona, Antwerp akadagonja msanga, pakuti pa kufupika kwa mawu Chitchaina cha m'mabuku akale chilibe mnzake.

Tsono tiyeni tiziyang'ane pafupi zinenero ziwirizi, tione ngati kusapotapota kumene anakutamanda kulimo. Mdatchi akafuna kunena za kuyenda, mneni wake amasintha maonekedwe monga mwa munthu ndi nthawi: "ik loop" ndiye ine lero, "hij loopt" ndiye iye, "wij liepen" ndiye ife dzulo, ndipo "gelopen" ndiye ulendo watha. Dzina lililonse lili ndi kaliwu kake kolitsogolera, "de" kapena "het", ndipo mlendo amakalamba asanadziwe bwino lomwe dzina liti lifuna liti. M'chiganizo chodalira chinzake mneni amathawira kumapeto, mwakuti womvera ayenera kudekha kufikira wolankhula atatsiriza, asanadziwe ngati munthu uja anagula ng'ombe kapena anaiba. Mawu aafupi alimodi, koma Adatchi amawamangirira pamodzi kukhala mayina aatali otopetsa lilime. Ndipo buku lawo lalikulu lotanthauzira mawu, Woordenboek der Nederlandsche Taal, limene gawo lake loyamba linatuluka mu 1864, linatsirizika mu 1998, oliyamba onse atagona kale. Mtchaina alibe mavuto otere: mneni wake "zou" ali chimodzimodzi kaya woyenda ndine, kaya ndi iwo, kaya dzulo, kaya mawa, ndipo nthawi imadziwika ndi mawu ena oikidwa pambali. Koma katundu amene anamutula pamenepa amamusenza pena. Chitchaina cha ku Beijing chili ndi maphatikizo pafupifupi 400 okha, ndipo kuti akwanire kunyamula zinthu zonse za pansi pa thambo, liwu limakwezedwa kapena kutsitsidwa m'njira zinayi, mwakuti "ma" angakhale mayi, chomera cha hempe, kavalo, kapena kukalipa, monga mwa kayimbidwe kake. Ife sitidabwa kwambiri ndi zimenezi, popeza timasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika ndi khutu lokha. Koma kwa Mdatchi ndi phiri. Powerenga zinthu Mtchaina sangangoti mabuku atatu kapena nsomba ziwiri, koma ayenera kuika pakati kaliwu kosonyeza mtundu wa chinthucho, "ben" pa mabuku, "tiao" pa zinthu zazitali monga nsomba, misewu ndi mitsinje. Ndipo pamene mwana wa ku Leiden athana ndi malembo 26, mwana wa ku Nanjing ayenera kuloweza zilembo pafupifupi 3,000 kuti awerenge nyuzipepala. Buku lotanthauzira zilembo limene mfumu Kangxi inalamula, lotsirizika mu 1716, lili nazo zoposa 47,000. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali china chimene chinakopa Azungu a nthawi imeneyo koposa kufupika kwa mawu. Anamva kuti munthu wa ku Canton ndi wa ku Beijing, amene sangamvane pakamwa, amamvana papepala, ndi kuti ngakhale ophunzira a ku Japan ndi ku Korea amawerenga zilembo zomwezo, yense m'katchulidwe kake. Ndipo anati, taonani, nazi zilembo zojambula zinthu zenizenizo osadzera m'mawu, nali bala la Babele litapola. Koma Xu Shen, amene anasanthula zilembo 9,353 cha m'ma 100 Khristu atabadwa, anali ataonetsa kale kuti zochuluka mwa izo zili ndi mbali ziwiri, ina yolozera ku tanthauzo, ina yolozera ku katchulidwe. Chilembo cha mayi chimalembedwa ndi chizindikiro cha mkazi pambali pa chizindikiro cha kavalo, ndipo kavaloyo alibe mlandu wina koma kukumbutsa wowerenga kuti liwulo limveka "ma". Zilembozo zinamera pa chinenero cha anthu a nthawi yakutiyakuti, ndipo zakale koposa zimene zapezeka, zozokotedwa pa mafupa a ng'ombe ndi zigoba za akamba ku Anyang, nza m'zaka za m'ma 1200 Khristu asanabadwe. Akatswiri a masiku ano aonetsanso kuti Chitchaina nchachibale ndi zinenero za ku Tibet ndi ku Burma, monga Chidatchi chili chachibale ndi Chijeremani ndi Chingelezi, ndi kuti zonse ziwiri zasintha kwakukulu m'mibadwo yake. Chitchaina cha lero chadzala ndi mawu a maphatikizo awiri, ndipo ambiri a akatswiriwo amati ngakhale kukweza ndi kutsitsa liwu kuja kunadza pambuyo. Chinenero chimene chili ndi abale ndi makolo sichingakhale mayi wa zonse.

Komatu kugwetsa umboni wa amuna awiriwa nkosavuta, ndipo sikutha nkhani. Chofunika kufunsa nchakuti, kodi anali kufunanji? Ndiyesa anali kufuna chinenero chimene dzina ndi chinthu zili thupi limodzi, chimene munthu sangathe kunamiramo, popeza kutchula mkango m'menemo ndiko kudziwa mkango monga Mlengi audziwa. Ludzu limeneli silopusa, pakuti yense amene anaimapo pabwalo la milandu, naona mawu abwino akupotozedwa kufikira wolakwa atuluka woyera, analimvapo. Koma nkhani ya Genesis yomweyo, ikawerengedwa modekha, siliikira kumbuyo, pakuti siinena kuti Mulungu anamuuza Adamu mayina kuti aloweze. Inena kuti anadza nazo nyama kuti aone chimene munthuyo adzazitcha, ndipo chimene anazitcha chinakhala chomwecho. Ntchito yotcha mayina inaperekedwa m'manja mwa cholengedwa. Gregory wa ku Nyssa, potsutsana ndi Eunomius m'zaka za m'ma 300, ananena momveka kuti Mulungu anapatsa munthu mphamvu ya kulankhula, koma mawuwo anawapanga ndi anthu, ndipo anakana ganizo lakuti Wam'mwambamwamba ali ndi chinenero cha fuko limodzi. Ndipo mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa: Xunzi, mphunzitsi wa ku China wa m'zaka za m'ma 200 Khristu asanabadwe, amene sanamvepo za Edene, anaphunzitsa kuti dzina lilibe kuyenera kobadwa nako, koma anthu amapangana, chizolowezi nchikhazikika, ndipo pamenepo dzinalo likhala loyenera. Webb akadatha kuwerenga chinenero chimene anachikweza, akadapeza m'menemo munthu womutsutsa. Ngakhale nthano yawo ya Cangjie, wa maso anayi, amene anapanga zilembo poyang'ana mapazi a mbalame ndi nyama, imati usiku umenewo mizimu inalira. Eni ake sanayese kuti kulemba kunatsika kumwamba kopanda banga.

Umboni woposa wonse, kwa ine, ngwakuti pamene inafika nthawi yakuti zinenero ziwirizi zinyamule Mawu a Mulungu, palibe chimene chinapezeka chokonzeka. Sinodi ya ku Dordrecht, imene inakhala kuyambira mu 1618 kufikira mu 1619 nilamula kuti Baibulo limasuliridwe mwatsopano kuchokera ku Chihebri ndi Chigriki, inayenera kuyamba yakambirana kuti Mulungu adzalankhulidwa ndi liwu liti, "du" wakale wonena munthu mmodzi, amene anali kutha ndi kumveka mwamwano m'makutu a ambiri, kapena "gij" wa masiku onse, monga ife tikadakangana pa "iwe" ndi "Inu". Anasankha "gij", ndipo Baibulo lawo, Statenbijbel, linatuluka ku Leiden mu 1637. Taonani tsono chimene nthawi inachita: kumpoto, ku Holland, liwulo linatha m'kamwa mwa anthu nilitsala paguwa pokha, kufikira linayamba kumveka lopatulika, koma kummwera, ku Antwerp kwa Becanus komwe, anthu akali kuitanizana nalo pamsika kufikira lero. Kupatulika kwake sikunali m'liwumo. Kunadza chifukwa mibadwo inapemphera nalo.

Ku China mlandu unakula koposa, pakuti kumeneko chosowa chinali dzina la Mulungu lenilenilo. Matteo Ricci, amene anamwalira ku Beijing mu 1610, anagwiritsa ntchito "Tianzhu", ndiko kuti Mwini Kumwamba, koma analolanso "Shangdi", Wolamula Wam'mwamba wa m'mabuku akale a Atchaina, pokhulupirira kuti makolo awo anamudziwa Mulungu woona. Ena, ngakhale a m'chipani chake chomwe, anaopa kuti kutero ndiko kubatiza fano. Papa Clement XI analetsa dzina la "Shangdi" mu 1704, natsimikiza chiletsocho mu 1715, ndipo mfumu Kangxi, poona alendo osadziwa bwino zilembo akugamula tanthauzo la mabuku a makolo ake, inakwiya niwatsekera khomo. Achipulotesitanti atafika anagwa m'dzenje lomwelo: m'zaka za m'ma 1840 Walter Medhurst ndi James Legge anaimira "Shangdi", William Boone ndi Elijah Bridgman anaimira "Shen", liwu lonena mizimu ndi milungu mwachisawawa, ndipo sanagonjerane. Baibulo logwirizana la mu 1919 linatuluka m'mitundu iwiri, wina wa dzina ili, wina wa dzina ilo. Ndipo popeza "Shangdi" ndi zilembo ziwiri pamene "Shen" nchimodzi, osindikiza amasiya kampata koyera patsogolo pa "Shen", kuti mizere ndi masamba a Mabaibulo awiriwo zilingane, ndi kuti Akhristu okhala pa benchi limodzi atsegule tsamba limodzi. Chinenero chimene Webb anati Mulungu analankhula nacho m'munda kunja kukuzizira chakhala zaka 400 chisanagwirizane za dzina la Mulunguyo.

Ndikaganiza zonsezi ndimaona kuti onse awiri anawerenga Genesis 11 naiwala Machitidwe 2. Pa Pentekoste Mzimu sanabwezere anthu ku chinenero chimodzi chakale, chinthu chimene chikadakhala chapafupi kwa Iye. Aparti, Amedi, Aelami ndi Aarabu anamva yense m'chinenero chimene anabadwa nacho, cholemera ndi zopotapota zake zonse. Ngati kuchuluka kwa malilime kukadakhala temberero lokhalokha, tsiku limenelo ndilo linali loyenera kulichotsa, ndipo silinachotsedwe. Cholakwa cha Becanus chinali kuyesa kuti Mulungu ali pafupi ndi iye chifukwa cha lilime la amake. Cholakwa cha Webb, chimene chioneka chodzichepetsa koma nchapachibale ndi chinzakecho, chinali kuyesa kuti chiyero chinasungika kwina kutali, kwa anthu amene iye sanawaonepo. Ndipo cha Webb ndicho ndichiopa koposa kwathu kuno, kumene alipo ambiri oyesa kuti pemphero limakwera msanga likanenedwa m'chinenero cha alendo.

Nkhaniyi itikhudzanso m'njira ina, pakuti amishoni amene anafika pa Mvera mu 1889, A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok, anali a mpingo wa Dutch Reformed wa ku Cape, ndipo anakulira pa Statenbijbel yemwe uja. Kwawo anthu ankalankhula Chiafrikaansi, mwana wa Chidatchi amene anataya pafupifupi kusinthasintha konse kwa aneni, nayandikira kusapotapota kumene Becanus anakutamanda. Koma ambiri a eni ake ankachiyesa chinenero cha kukhitchini, chosayenera kulowa m'nyumba ya Mulungu, ndipo Lamulungu ankamva ulaliki m'Chidatchi cha m'mabuku, chimene ana awo sankachilankhula pakhomo. Koma kuno W. H. Murray, mmishoni wa mpingo womwewo, pamodzi ndi anzake a mishoni zina ndi aphunzitsi a kuno amene anamuwongolera mawu, anatsiriza Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, ndipo dzina lakuti Mulungu, limene makolo athu ankalitchula potsira nsembe pansi pa mtengo wa msolo, linalowa m'menemo. Buku Loyera la mu 1998 linadzalowetsanso Chauta pamalo pamene lakale lija linalemba Yehova. Abale a Murray a ku Cape anayembekeza kufikira 1925 kuti chinenero chawo chivomerezedwe ndi boma, ndipo Baibulo lathunthu la m'Chiafrikaansi linafika m'manja mwawo mu 1933, pamene ana a ku Nkhoma ndi ku Mvera anali atakhala kale zaka 11 akuwerenga Genesis m'chinenero cha amayi awo.